Zolemba za ntchito yofunsa odwala za amene amakopeka nawo ndi za mmene amadzionera

Mlungu woyamba

Ndapatsidwa udindo wolemba mmene ntchitoyi ikuyendera, ndipo ndiyamba ndi kufotokoza zimene tagwirizana, kuti amene adzawerenge zolembazi m'tsogolo adziwe pamene tinayambira. Chipatala chathu chikufuna kuyamba kufunsa odwala onse akuluakulu mafunso ochepa okhudza anthu amene amakopeka nawo pa nkhani ya chikondi ndi kugonana, komanso okhudza mmene iwo eni amadzionera, kaya ngati mwamuna, ngati mkazi, kapena mwanjira ina yosiyana ndi zimene zinalembedwa atabadwa. M'gulu lathu muli dokotala mmodzi, anamwino awiri, kalaliki wamkulu wa pamalo olembetsera odwala, katswiri wa makompyuta, ndi ine amene ndimayang'anira mafayilo a odwala.

Ena anayamba kale kuyenda njira imeneyi. Mu 2011 bungwe la Institute of Medicine la ku United States linatulutsa lipoti lonena kuti zambiri zokhudza thanzi la anthu okondana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, ndi la anthu amene amadziona mosiyana ndi mmene analembedwera atabadwa, sizikudziwika chifukwa zipatala sizilemba, ndipo linalimbikitsa kuti mafunsowa alowe m'mafayilo a pakompyuta. Mu 2015 boma la dzikolo linaika lamulo lakuti mapulogalamu osungira mafayilo a odwala amene akufuna chiphaso cha boma akhale ndi malo olembapo mayankho otere, ndipo mu 2016 zipatala za m'madera zimene zimathandizidwa ndi nthambi ya boma yoona zaumoyo yotchedwa HRSA zinayamba kupereka ziwerengerozi chaka ndi chaka. Ku England, NHS, imene imayendetsa zipatala za boma, inakhazikitsa mu 2017 njira imodzi yofunsira odwala a zaka 16 kupita m'tsogolo za amene amakopeka nawo.

Pamsonkhano wathu woyamba, amene analankhula mosabisa mawu anali kalaliki wamkulu. Anati: "Inu mumakhala mkati, koma amene tidzatukwanidwe pawindo paja ndi ifeyo." Palibe amene anamutsutsa, chifukwa ambiri tinali ndi mantha omwewo. Dokotala anatikumbutsa za kafukufuku wotchedwa EQUALITY, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2017, ndipo anachitika pakati pa odwala ndi ogwira ntchito m'zipinda za matenda adzidzidzi ku United States. Pafupifupi ogwira ntchito 78 pa 100 alionse ankaganiza kuti odwala adzakana kuyankha funso la amene amakopeka nawo, pamene odwala amene ananena kuti angakanedi anali pafupifupi 10 pa 100 alionse. Kalaliki anayankha kuti odwala a m'kafukufukuyo si amene amabwera pawindo lake, ndipo ndikuona kuti ananena zoona. Tagwirizana kuti tiyambe ndi chipinda chimodzi chokha cha odwala oyendera, ndipo tikaona kuti zinthu sizikuyenda, tisiye popanda kuloza chala aliyense.

Mlungu wachitatu

Milungu iwiri yathera pa kasankhidwe ka mawu, ndipo sindikudandaula nazo. Pa nkhani ya mmene munthu amadzionera tatsatira njira ya mafunso awiri, imene bungwe la National Academies of Sciences, Engineering, and Medicine linavomereza mu lipoti lake la 2022: funso loyamba limafunsa ngati munthu analembedwa kuti ndi mwamuna kapena mkazi atabadwa, ndipo lachiwiri limafunsa mmene amadzionera lero. Ubwino wake ndi wakuti munthu amene anabadwa wamkazi koma akukhala ngati mwamuna akhoza kungoyankha kuti ndi mwamuna pa funso lachiwiri, popanda kukakamizidwa kudzitchula dzina lachilendo limene mwina salikonda, ndipo dokotala amaonabe kuti mayankho awiriwo akusiyana.

Chimene chinatichititsa kusamala kwambiri ndi zimene zinachitika pa kalembera wa 2021 ku England ndi Wales. Funso lawo linafunsa, m'chiganizo chimodzi, ngati mmene munthu amadzionera zikufanana ndi zimene zinalembedwa atabadwa, ndipo anthu pafupifupi 262,000 anayankha kuti ayi. Pambuyo pake kunaoneka kuti anthu amene Chingelezi si chinenero chawo choyamba anayankha choncho mochuluka kuposa mmene zinkayembekezeredwa, ndipo ena mwa iwo ayenera kuti sanamvetse funsolo. Mu 2024 ziwerengerozo zinachotsedwa m'gulu la ziwerengero zovomerezeka kotheratu. Ngati akatswiri a kalembera anapunthwa pa chiganizo chimodzi, ife tilibe chifukwa chodzidalira. Choncho fomu yathu taiwerengetsa kwa anthu angapo amene anadzipereka, achikulire ndi achinyamata, ophunzira kwambiri ndi amene sanapite patali ndi sukulu, ndipo aliyense tinkamupempha kuti atiuze m'mawu akeake chimene funso lililonse likufunsa. Bambo wina atawerenga funso la amene amakopeka nawo anaganiza kuti tikufuna kudziwa ngati ali ndi chibwenzi chamseri, ndipo anaseka n'kutifunsa ngati akazi awo adzaione fomuyo. Funsolo talilembanso.

Vuto lina n'lakuti mawu amene anthu amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku potchula anthu ogonana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha ambiri ndi achipongwe, ndipo sangaikidwe pa fomu ya chipatala. Tasankha kufotokoza m'malo motchula dzina: wokopeka ndi amuna, wokopeka ndi akazi, wokopeka ndi onse, wosakopeka ndi aliyense, ndiponso mzere wopanda kanthu woti munthu alembepo mawu ake. Pa funso lililonse pali yankho lakuti "sindikudziwa" ndi lakuti "sindikufuna kuyankha", ndipo awiriwa tawasiyanitsa dala chifukwa sanena chinthu chimodzi.

Mafomu a Chingelezi amene tinaonako amafunsanso mlowam'malo amene munthu amafuna. Funso limenelo lilibe ntchito m'chinenero chathu, popeza "iye" ndi "iwo" amatchula aliyense. Pamene pali nkhani ndi pa "bambo" ndi "mayi", mawu amene kalaliki amaitanira nawo munthu mokweza pamaso pa anthu onse amene ali pamzere. Funso lathu lomaliza likuti: "Kodi mukufuna tizikuitanani ndi dzina liti, ndipo tizinena kuti bambo, mayi, kapena dzina lokha?"

Mlungu wachisanu

Mlungu uno kunali mtsutso umene ndikufuna kuulemba mwatsatanetsatane, chifukwa wasintha kamangidwe ka ntchito yonse. Namwino mmodzi anafunsa kuti yankho la fomuyi lidzasintha chiyani pa mankhwala amene wodwala adzalandire, ndipo anawonjezera kuti ngati silisintha kanthu ndiye kuti tikungosonkhanitsa zinsinsi za anthu popanda phindu. Dokotala anavomereza kuti yankho la pa fomu palokha silisankha mankhwala, ndipo anafotokoza kuti pali zinthu zitatu zimene takhala tikuzisakaniza: mmene munthu amadzitchulira, zimene amachita pogonana, ndi ziwalo zimene ali nazo m'thupi.

Anapereka zitsanzo. Mwamuna akhoza kulemba pa fomu kuti amakopeka ndi akazi, n'kukhala kuti ali pabanja ndithu, koma nthawi zina amagonanso ndi amuna anzake. Chinzonono ndi chlamydia zimatha kukhala pakhosi kapena kotulukira chimbudzi popanda chizindikiro chilichonse, ndipo kuyeza mkodzo wokha sikuzipeza. Chimene chimauza dokotala malo oyenera kuyeza, komanso ngati akambirane za PrEP, mankhwala oteteza ku HIV, ndi funso lofunsidwa m'chipinda chotseka lokhudza zimene munthuyo amachita. Mkazi amene amagonana ndi akazi okhaokha amayenerabe kuyezedwa khansa ya khomo la chiberekero, chifukwa kachilombo ka HPV kamafalanso pakati pa akazi, ngakhale kuti ena amauzidwa molakwika kuti sizikuwakhudza. Munthu amene anabadwa wamkazi, akukhala ngati mwamuna ndipo akulandira mahomoni a testosterone, akhoza kukhala ndi chiberekero, ndipo akhoza kutenga pakati ngakhale msambo utasiya, popeza testosterone si njira yolerera. Munthu amene anabadwa wamwamuna ndipo akukhala ngati mkazi amakhalabe ndi prostate (kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo) ngakhale atachitidwa opaleshoni ya ziwalo zobisika, ndipo mahomoni a estrogen amawonjezera chiopsezo cha kuundana kwa magazi m'mitsempha.

Chifukwa cha zimenezi tagawa ntchitoyi pawiri. Fomu ya pamalo olembetsera idzakhala ndi dzina loitanira, mafunso awiri aja ndi funso la amene munthu amakopeka nawo, ndipo ntchito yake ndi yoti wodwala alandiridwe mwaulemu, dokotala adziwe poyambira kucheza naye, komanso chipatala chione ngati pali gulu la anthu limene likutsalira pa chithandizo. Mbiri ya kugonana ndi mndandanda wa ziwalo zimene munthu ali nazo zidzafunsidwa ndi dokotala kapena namwino yekha, pamene pali chifukwa cha chipatala. Namwino uja ananena kuti tsopano akhoza kufotokozera wodwala chifukwa chimene tikufunsira popanda kuchita manyazi, ndipo kwa ine mawu amenewo ndi amene asonyeza kuti mtsutsowo unali wofunika.

Mlungu wa 7

Tachita maphunziro a ogwira ntchito kawiri. Nthawi yambiri inathera pa kuyeserera: wina amakhala wodwala wokwiya, wina kalaliki. Chiganizo chimene tagwirizana kuti aliyense azinena n'chakuti mafunsowa timafunsa aliyense, ndipo amene sakufuna kuyankha adzathandizidwa mofanana ndi ena onse. Tagwirizananso kuti munthu akalakwitsa dzina la wodwala apepese kamodzi, akonze, n'kupitiriza ntchito, chifukwa kupepesa kwa nthawi yaitali kumachititsa kuti anthu onse atembenukire kwa wodwalayo. Fomu wodwala azilemba yekha, ndipo makalaliki azingoipereka ndi kuilandira itapindidwa. Gulu la EQUALITY lija linapezanso mu 2018 kuti odwala amene nkhaniyi ikuwakhudza ankamasuka kwambiri polemba okha kusiyana ndi kufunsidwa pakamwa. Amene satha kuwerenga aziwerengeredwa ndi namwino m'chipinda, osati pawindo.

Mlungu wa 9

Tayamba, ndipo kutukwanidwa kumene tinkaopa sikunachitike. Ena asiya mafunsowo osayankha, ochepa afunsa kuti n'chifukwa chiyani tikufuna kudziwa, ndipo ambiri angolemba n'kubweza fomuyo monga mmene amachitira ndi funso la msinkhu. Mayi wina wachikulire anaitana namwino n'kumuuza kuti: "Mwanangu, ine ndakhala pabanja zaka zambiri ndipo funso ili silikundikhudza, koma ndili ndi mdzukulu amene likanamuthandiza." Kenako analemba yankho lake n'kupita kukakhala pamzere.

Vuto ndalipeza kumbali yathu. Poyang'ana mafomu a mlungu woyamba ndinaona kuti a odwala achikulire ambiri analembedwa ndi cholembera chimodzi ndiponso dzanja limodzi, ndipo onse anali ndi yankho lofanana. Nditafunsa mofatsa, kalaliki wina anavomera kuti ankachita manyazi kupereka fomu yotere kwa anthu a msinkhu wa makolo ake, choncho ankawayang'ana n'kuwalembera yekha. Sanachite zimenezi ndi mtima woipa, ndipo ndikumvetsa chimene chinamugwira. Komabe yankho longoganizira ndi loipa kuposa malo osalembedwa, chifukwa dokotala akaona malo opanda kanthu amadziwa kuti ayenera kufunsa, koma akaona yankho amakhulupirira kuti nkhaniyo inatha. Mafomu onsewo tawachotsa m'kompyuta, ndipo tawonjezera malo osonyeza ngati fomu inaperekedwa kwa wodwala kapena ayi, kuti kalaliki amene walephera kuipereka akhale ndi njira yonenera zoona. Sitinamupatse chilango.

Mlungu wa 11

Taimitsa ntchitoyi kwa masiku angapo, ndipo ndilemba chifukwa chake mosabisa. Mwamuna wina wachinyamata anabwera ndi mkulu wake, amene anamuperekeza chifukwa ankavutika kuyenda. Analemba fomu yekha, anaonana ndi dokotala, ndipo anapatsidwa kalata yopita nayo kukajambulidwa mwendo. Pamwamba pa kalatayo, pansi pa dzina ndi tsiku lobadwa, pulogalamu ya kompyuta inasindikiza mzere watsopano wosonyeza amene amakopeka nawo. Mwamwayi kalatayo inafikira m'manja mwake mkulu wake asanaitenge. Namwino akuti anamuona akuipinda kanayi, n'kuifinya m'dzanja, kenako anapempha kuti alowenso m'chipinda yekha. Atalowa anayala pepalalo patebulo, n'kuloza mzerewo ndi chala chimene chinkanjenjemera, ndipo anangofunsa kuti: "Asisita, si munati zimenezi adzaona ndi adokotala okha?"

Tinamulonjezadi choncho, ndipo lonjezolo linalembedwa pa fomu yathu. Cholakwacho n'chathu. Pokonza pulogalamu, mayankho atsopanowa anaikidwa m'gulu limodzi ndi dzina, msinkhu ndi keyala, ndipo gulu limenelo limasindikizidwa lokha pa pepala lililonse lotuluka m'kompyuta. Tinayesa ngati mayankho akulowa bwino, koma palibe aliyense wa ife amene anaganiza zoyesa kumene akutulukira. Ine amene ndimayang'anira mafayilo ndi amene ndinayenera kufunsa funso limenelo poyamba. Dokotala ndi ine tinapepesa kwa wodwalayo, tinamusindikizira kalata ina, ndipo atapempha kuti yankho lake lifufutidwe tinalifufuta iye akuona.

Masiku atatu otsatira ndinakhala ndi katswiri wa makompyuta, tikulemba malo onse amene mawu a m'fayilo ya wodwala amafikako, ndipo mndandandawo unatalika kuposa mmene ndinkaganizira: makalata otumizira wodwala kwina, timapepala tomata pa mabotolo a magazi, kachingwe ka padzanja ka ogonekedwa, mauthenga a pafoni okumbutsa tsiku lobwera, mapepala opita kwa olipirira chithandizo, ndi sikirini ya kalaliki imene aliyense woima pawindo amaiona akasuzumira. Dzina loitanira nalonso lili ndi ngozi yake, chifukwa munthu akhoza kufuna kuti dokotala amutchule dzina lina m'chipinda koma osafuna kuti dzinalo lifike pa kalata yopita kunyumba kwake. Tawonjezera funso lofunsa ngati dzinalo ligwiritsidwe ntchito paliponse kapena m'chipinda mokha.

Nkhaniyi si yaing'ono monga ena anayesera kuichepetsa pamsonkhano. Malamulo a European Union oteteza zinsinsi za anthu, otchedwa GDPR, amaika nkhani ya kugonana ndi ya amene munthu amakopeka nawo m'gulu la zinthu zofunika chitetezo chapadera, pamodzi ndi thanzi ndi chipembedzo. Bungwe la WHO linachotsa kukopeka ndi amuna kapena akazi okhaokha pa mndandanda wa matenda mu 1990, ndipo mu ICD-11, mndandanda wake watsopano wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, linachotsanso m'gulu la matenda a maganizo nkhani ya kudziona mosiyana ndi mmene munthu anabadwira. Ngakhale zili choncho, m'mayiko oposa 60 kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha kukadali mlandu, ndipo ngakhale kumene si mlandu, mzere umodzi pa pepala ukhoza kuchotsetsa munthu ntchito kapena kumuthamangitsa pakhomo pa makolo ake. Maganizo anga ndi akuti chipatala chimene chili m'dziko limene fayilo ya wodwala ingasanduke umboni wa kukhoti chiyenera kuganiza mozama chisanalembe yankho lotere pamodzi ndi dzina la munthu, ndipo nthawi zina kukambirana m'chipinda popanda kulemba n'kumene kumateteza wodwala.

Tsopano yankho la amene munthu amakopeka nawo lasamutsidwira kumalo amene amatsegulidwa ndi dokotala kapena namwino wothandiza wodwalayo basi, ndipo kompyuta imasunga dzina la aliyense amene watsegula malowo. Tagwirizananso kuti m'malipoti a ziwerengero tisamaonetse gulu limene lili ndi anthu ochepa kwambiri, chifukwa pamalo aang'ono nambala yaing'ono imakhala ngati dzina la munthu.

Mlungu wa 13

Tayambiranso, ndipo mlungu uno wathera ku labotale. Makina a kumeneko amadziwa mayankho awiri okha, mwamuna kapena mkazi, ndipo amawagwiritsa ntchito posankha muyezo woyenera wa hemoglobin (imene imasonyeza ngati munthu ali ndi magazi okwanira) ndi powerengera mphamvu ya impso kuchokera ku creatinine (chinthu cha m'magazi chimene impso zimasefa). Munthu amene wakhala akulandira testosterone kwa miyezi ingapo hemoglobin yake imakwera kufika pa muyezo wa amuna, ndipo makina akamuyeza ndi muyezo wa akazi amaonetsa chenjezo pamene palibe vuto. Pa chifukwa chimenechi sitinalole kuti yankho la fomu lisinthe lokha zimene labotale ikuona. Dokotala ndi amene azisankha muyezo, ndipo azilemba pa pepala lopempha kuyeza ngati wodwala akulandira mahomoni.

Taonanso mndandanda wa oitanidwa kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero, umene kompyuta imapanga posankha onse olembedwa kuti ndi akazi. Ku England vuto limeneli n'lodziwika: munthu amene anasintha kalembedwe kake kwa dokotala wake kukhala mwamuna sankaitanidwa yekha ngakhale ali ndi khomo la chiberekero, ndipo ankayenera kupempha. Katswiri wathu akuti mndandandawo ukhoza kupangidwa kuchokera ku ziwalo zimene dokotala analemba, koma kampani imene inatigulitsa pulogalamuyi sinayankhebe ngati ilola kusinthako. Pakadali pano namwino mmodzi akusunga mndandanda wapadera, umene sindikuukonda chifukwa ndi malo enanso amene chinsinsi chingatulukire.

Mlungu wa 15

Mafomu akubwerera olembedwa ndi manja osiyanasiyana, ndipo malo akuti fomu sinaperekedwe akugwiritsidwa ntchito, makamaka pa masiku amene mzere watalika. Lachisanu lililonse ndikusindikiza pepala limodzi la mtundu uliwonse pogwiritsa ntchito fayilo yoyeserera, n'kuliwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo chiyambireni sindinapezenso mzere uja. Dokotala akuti odwala awiri kapena atatu ayamba okha nkhani zimene m'mbuyomu sakanaziyamba, ndipo mmodzi anali atakhala zaka zambiri osayezetsa khomo la chiberekero chifukwa choopa kuitanidwa ndi dzina lake lakale pamzere wa amayi. Anamuyeza pa ola lomaliza, chipinda chodikirira chili chopanda anthu.

Akuluakulu a chipatala afunsa ngati tingafikitse ntchitoyi ku chipinda cha achinyamata mwezi wamawa, ndipo tayankha kuti ayi. Makolo ali ndi ufulu woona mbali zambiri za fayilo ya mwana wawo, ndipo pulogalamu yathu sinathebe kubisa malo amodzi kwa kholo n'kusiya ena oonekera. Tapempha kuti woona za malamulo wa chipatala akhale nafe pamsonkhano wotsatira, pamodzi ndi anthu awiri amene nkhaniyi ikuwakhudza, amene avomera kuwerenganso fomu yathu. Mnyamata wa kalata ija anabweranso kudzaonetsa mwendo wake, ndipo atapatsidwa fomu anasankha yankho lakuti sakufuna kuyankha. Msonkhanowo ukhalako Lachiwiri, ndipo choyamba pa ndandanda ndi mndandanda wapadera wa namwino uja, kuti tigwirizane kumene uzisungidwa ndi amene azisunga kiyi wake.